Mwati muitsitse Nissan 1400? Khalani pansi kaye, achimwene

Achimwene ena a ku Namwera andilembera pa imelo. Agula pikapu ya Nissan 1400 yakale, aipenta bwinobwino, ndiye akufunsa kuti angaitsitse bwanji kuti izikhala pansi ngati zija anaziona ku Joni. Achimwene, apa mwandiponda pachilonda.

Malemu malume anga anali ndi galimoto yomweyi, yoyera. Inkanyamula usipa wouma kuchokera ku Makawa ndi ku Malembo kupita ku Limbe, pobwerera simenti, malata, nthawi zina matola. Idawamangira nyumba galimoto imeneyo, idaphunzitsa ana. Iwo atatsogola, mwana wawo amene anali atangobwera kumene ku Joni adaitenga n'kupita nayo kwa wowotcherera wina wa mtauni muno ku Mangochi. Ine ndinalipo. Bamboyo adayatsa gasi, n'kulozetsa moto pa masipuling'i akutsogolo mpaka chitsulo kufiira kuti psuu, galimoto ikutsika pang'onopang'ono anyamata akuimba mluzu. Kumbuyo, pa masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana zotchedwa ma leaf, adasolola awiri mbali iliyonse n'kuwaponya pa mulu wa sikirapu. Ntchito yatha, ndalama m'thumba.

Madzulo ake inkaoneka bwino, zimenezo sindikana. Koma mbali ya dalaivala inali yotsika kuposa inzake, poti moto suyezedwa ndi tepi. Ndipo sipuling'i ikawotchedwa imafooka, imapitirira kutsika yokha, kenako imathyoka tsiku limene simukuyembekeza. Hampu iliyonse msuweni wanga ankaikwera chammbali, okwera atatsika kaye, a kabaza akumudutsa akuseka. Ekizozi idatsala pa msewu wa ku Makanjira. Sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, idang'ambika pamwala, oyilo yense pansi, iye osadziwa, mpaka injini kugwira. Lero ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Chimene chimandipweteka n'choti galimoto zimenezi sizikupangidwanso. Zidayamba mu 1971 zikutchedwa Datsun 1200, ndipo ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, adapitiriza kuzipanga mpaka 2008 pomwe Nissan NP200 idalowa m'malo mwake. Iliyonse imene tikuipha ndi gasi, yapita basi. Anyamata athu amakopera zimene aona ku Johannesburg, koma amaiwala kufunsa kuti eni akewo amayenda nazo pati. Awo amatuluka pageti n'kulowa pa tala, galimoto yake yongoonetsera Loweruka, ya ntchito ili padera. Ife kuno imodzi yomweyo ndi ya kuchigayo, ya kumunda, ya wodwala usiku, ya maliro. Inu muli ku Namwera: kutsika phiri lija pa M3 kubwera ku boma, tala alipo inde, nanga mukakhota kulowa kumudzi mu Januwale, madzi atakumba msewu? Nanga achibale akakupemphani kuti mukatenge chimanga ku Katuli, mudzawauza kuti galimoto ndi yongoyang'ana? (Za marimu aakulu okhala ndi matayala opyapyala aja ndisayambe n'komwe, dzenje limodzi rimu yapindika.)

Ndinayamba kulemba ndikuganiza zoti ndingokulangizani mosamala, koma ndinene mosabisa: kutsitsa pikapu m'boma la Mangochi n'kuilanda ntchito imene idabadwira. Ndalama imeneyo gulani mashoko atsopano, mabushi, mabuleki, mukonze ndi dzimbiri la pansi pa bodi, chifukwa ngati idanyamulapo nsomba zaziwisi ndi ayisi, pansipo padyeka ndithu.

Ngati mwaumirirabe

Musapitirire mamilimita 40 kapena 50. Kutsogolo kuli ma strut, mashoko okhala ndi sipuling'i yozungulira. Itanitsani masipuling'i opangidwira kutsitsa kwa anthu obwera ku Joni, osadula kapena kuwotcha amene alipowo. Kumbuyo ekiselo imakhala pamwamba pa ma leaf, ndiye mumaika buloko yachitsulo pakati pake, ndi ma U-bolt (mabawuti omangira ekiselo ku ma leaf) atsopano ataliatali, akalewo musabwezeretse. Ma leaf onse akhale momwemo. Mashoko akhale ofupikirako kuti asamagunde pansi, ndipo timarabala toletsa ekiselo kumenya chasisi musatichotse. Mukatha, pitani nayo ku alaini, koongola matayala, tsiku lomwelo, apo ayi matayala akutsogolo adyeka mkati. Amakaniko aonenso kuti ekizozi ndi mapaipi a buleki sizikukhuzana ndi kanthu, komanso kuti propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo, sikunjenjemera mukathamanga.

Masipuling'i akalewo muwasunge m'nyumba, osagulitsa kwa a sikirapu. Kenako kwezani matumba asanu a chimanga, mukwere hampu imene ili pafupi ndi kwanu pang'onopang'ono, wina atagwada pambali akuyang'ana pansi. Mukamva kugunda, chepetsani buloko.