Kodi Alexander McQueen anaphunzira kuti kusoka?

Achimwene, mwafunsa ngati McQueen, katswiri wokonza zovala za fashoni wa ku Britain, anayambira kukoleji. Ayi ndithu, anayambira pa utelala. Bambo ake ankayendetsa takisi ku London. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka 16 n'kukaphunzira ntchito kwa Anderson & Sheppard ku Savile Row, msewu wa matelala osokera anthu olemera masuti. Kumeneko ndiye anazolowera choko ndi sizasi, kudula jekete yokhala bwino m'mapewa popanda khwinya. Koleji ya zaluso ya Central Saint Martins ya ku London inabwera pambuyo. Anamaliza mu 1992, ndipo Isabella Blow, mkonzi wa nkhani za fashoni m'magazini, anagula zovala zonse zimene anaonetsa pomaliza maphunzirowo. Mu 1996 Givenchy, kampani ya zovala za fashoni ya ku Paris, inamulemba ntchito McQueen. Manyuzipepala ankatengeka ndi zionetsero zake zodzidzimutsa, koma ine chimandigometsa ndi kadulidwe kake. Anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 40 zokha.