Mafunso a Owerenga: Kusaka Mafayilo Akale a Chuma cha Masiye

FUNSO: Agogo anga aamuna adamwalira ku Ntcheu cha m'ma 1950. Anali ndi ng'ombe, ngolo ndi kantini. Ndikufuna pepala la kukhoti losonyeza mmene chuma chawo chidagawidwira. Kodi ndingolunjika ku National Archives ku Zomba? Mayi a ku Ntcheu

YANKHO: Musanakwere basi, mayi, dziwani kaye kuti fayilo ya chuma cha masiye imakhalapo pokhapokha ngati wina adapita kukhoti kapena ku ofesi ya boma kukapempha chilolezo chogawa chumacho. M'nthawi ya atsamunda, chuma cha munthu wakumudzi sichinkadutsa njira imeneyo. Ankagawana achibale maliro akatha, pamaso pa akuluakulu a banja, ankhoswe ndi nyakwawa, popanda wogwira cholembera. Bwalo lalikulu la milandu, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902, linkaona kwambiri za chuma cha azungu ndi amwenye. Lamulo lokhudza mawilo ndi chuma cha masiye cha Amalawi onse, la Wills and Inheritance Act, lidadza mu 1967, ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2011. Choncho mukafika ku Zomba n'kunena kuti mukufuna wilo ya agogo a mu 1950, mwayi woti mubwerera chimanjamanja ndi waukulu.

Koma musagwe mphwayi. Dzina la munthu wakumudzi limalowa m'mabuku a boma pakakhala mkangano kapena pakakhala ndalama zimene zidali m'manja mwa boma. Kuyambira mu 1933 mafumu akuluakulu adapatsidwa makhoti awoawo okhala ndi alembi, ndipo wosakhutira ndi chigamulo ankakadandaula kwa DC. Ngati ana ndi adzukulu adalimbirana ng'ombe zija, mlanduwo mwina udalembedwa m'buku la khoti la Inkosi Gomani kapena la mfumu ina ya m'bomalo. Ngati agogo adagwirapo ntchito m'boma, upolisi kapena usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), kapena anali ndi buku la ndalama ku positi ofesi, ndalama zawo zidadzera kwa DC, ndipo pamenepo pamatsala kalata. Kantini nayo inkafuna laisensi.

Nyamulani zinthu zitatu. Choyamba, maina onse: la paubwana, la ubatizo, la bambo awo ndi mfunda. Chachiwiri, chaka cha imfa, ngakhale chongoyerekeza koma chosataya zaka zoposa zitatu. Imfa za anthu akuda sizinkakakamizidwa kulembetsedwa kuboma nthawi imeneyo, ndiye chakacho mukachipeza pa chiliza, m'kaundula wa mpingo kapena kwa okalamba amene amakumbukira kuti maliro adachitika njala ya 1949 isanafike kapena itadutsa. Chachitatu, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, m'kalembedwe ka nthawiyo. Apa ndi pamene ambiri amasokerera. Ntcheu ankalemba Ncheu, Thyolo Cholo, Mulanje Mlanje, Nkhotakota Kota Kota. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje Port Herald, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill. Alembi ankakondanso kusiya chilembo cha h, moti Phiri mukampeza ali Piri.

Ku Zombako mumayamba ndi mabuku a mndandanda, osati mafayilo. Mafayilo a likulu la boma la atsamunda amayamba ndi S, a zigawo amayamba ndi NN kumpoto, NC pakati ndi NS kummwera. Onani zigawo ziwiri ngati boma lanu lili m'malire, chifukwa malire a zigawo ankasunthasuntha. Za m'mbuyo mwa 1919 n'zochepa, popeza moto udapsereza maofesi a likulu ku Zomba m'chaka chimenecho. Mabuku ambiri a makhoti a mafumu nawonso sadafike n'komwe ku Zomba. Adathera chiswe ndi chinyezi m'maboma momwemo. Lembani kalata kapena imbani foni musanapite, mufunse ngati a boma lanu alipo.

FUNSO: Bambo anga aakulu adapita ku Joni mu 1948 ndipo sadabwerenso. Tidangomva kuti adafera konko. Ndasaka dzina lawo pa intaneti m'mndandanda wa nkhokwe ya zolemba zakale ya ku South Africa, koma palibe. Kodi ndikulakwitsa pati? Bambo okhala ku Randburg

YANKHO: Mwina simukulakwitsa kusaka, bambo, koma mukugogoda pakhomo polakwika. Mndandanda mukunenawo, wotchedwa NAAIRS, umaonetsa mafayilo a ofesi yoona za chuma cha masiye ya Master of the Supreme Court. A dera la Transvaal, momwe munali Joni, ali ku Pretoria pansi pa zilembo TAB ndi MHG, a ku Cape Town ndi KAB ndi MOOC, a ku Pietermaritzburg ndi NAB ndi MSCE. Vuto ndi lakuti lamulo la Native Administration Act la 1927 lidapatula anthu akuda. Wakuda akamwalira osasiya wilo, chuma chake sichinkapita kwa Master. Ankachiona ndi Native Commissioner kapena majisitireti wa dera limene wafera, motsata mwambo. Tsankho limeneli lidathetsedwa ndi khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo pa milandu iwiri, wa Moseneke mu 2000 ndi wa Bhe mu 2004. Mtchona wa mu 1950 sapezeka kawirikawiri m'mafayilo a MHG, pokhapokha ngati adalemba wilo.

Funso loyamba kudzifunsa ndi ili: adapita pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, kapena pa selefu, kutanthauza payekha? Wopita pa Wenela ankalembedwa asananyamuke: dzina, la bambo ake, mudzi, mfumu, boma, zidindo za zala ndi nambala. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Akafera ku mgodi, ndalama zotsalazo, ndi chipukuta misozi ngati chidalipo, zinkatumizidwa kwawo kudzera ku Wenela ndi kwa DC. Ndiye kuti mapazi ake ali pawiri: m'zolemba za Wenela, yomwe pambuyo pake idatchedwa TEBA, ndi m'mafayilo a zantchito a boma la kwanu ku Zomba. Zolemba zakale za TEBA zikusungidwa ku University of Johannesburg, ndipo kampaniyo ikadalipo. Nambala ya ku mgodi imathandiza kuposa dzina. Funsani kumudzi ngati m'sutikesi ina muli kabuku ka ntchito, chitupa kapena envelopu yakale yokhala ndi dzina la komponi.

Wa selefu ndiye wovuta. Ambiri ankasintha dzina panjira, ena n'kumadzitcha a ku Mozambique kapena a konko kuti apeze pasi, ndipo ankagwira ntchito m'mahotela, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Kwa otere yambani ndi kaundula wa imfa, osati wa chuma. Zithunzi za makaundula ambiri a imfa a ku Transvaal zili pa tsamba la pa intaneti la FamilySearch, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Musadalire bokosi losakira lokha, chifukwa si mapepala onse amene maina ake adakoperedwa, ndipo okopera ankaphonya maina athu. Tsegulani zithunzi za tauni ndi chaka chimene mukuganizira, muziona pamene padalembedwa kochokera: Nyasaland kapena Nyasa. Mukapeza tsiku ndi malo a imfa, mwadziwa ofesi ya majisitireti yoyenera kufunsa.

Ngati pali mphekesera yoti adatsakamira ku Halale kapena ku Bulawayo, monga ankachitira ambiri opita pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), njira ndi yomweyo, koma nkhokwe yake ndi National Archives of Zimbabwe ku Harare.

FUNSO: Ndapeza fayilo ya agogo a amayi anga, omwe anali ndi sitolo ku Limbe ndipo adamwalira mu 1938. Ndi yokhuthala, Chingerezi chake n'chovuta, manambala ake sindikuwamva. Ndiyambire pati? Wophunzira wa ku Blantyre

YANKHO: Yambirani kunsi. Alembi ankaika pepala latsopano pamwamba pa lakale, choncho nkhani imayamba pa tsamba lomaliza. Musamasule chingwe chomangira, musasinthe ndondomeko ya mapepala, ndipo lembani ndi pensulo.

Pezani kaye chikalata cha khoti chopereka mphamvu. Chikalembedwa kuti probate, malemu adasiya wilo ndipo khoti lidaivomereza. Woyendetsa chuma amatchedwa executor. Chikalembedwa kuti letters of administration, wilo panalibe kapena wotchulidwa mu wiloyo sadathe kugwira ntchitoyo, ndipo khoti lidasankha wina. Mawu oti intestate akutanthauza womwalira wopanda wilo, relict ndi mkazi wamasiye, minor ndi mwana wosakwana zaka, ndipo codicil ndi kapepala koonjezera kapena kusintha wilo. Kapepala kameneka kafufuzeni ndithu, chifukwa mzere umodzi ungathe kuchotsa mwana amene wilo idampatsa nyumba.

Cholakwa chachikulu ndi kuwerenga wilo yokha n'kutseka fayilo. Wilo imanena zimene munthu ankafuna tsiku limene ankailemba, mwina zaka 15 asanamwalire. Zimene zidachitikadi zili m'mapepala awiri osasangalatsa kuwaona: mndandanda wa katundu, ndi akaunti yomaliza yosonyeza ngongole, ndalama za maliro, za loya, msonkho, ndi zotsala zimene aliyense adalandira. Kwa mwini sitolo, ngongole za kwa ogulitsa katundu wa pikulitsa zinkatha kumeza chuma chonse, olowa m'malo n'kutsala ndi dzina lokha. M'menemonso ndi mmene mumapezeka maina a anthu amene wilo sidawatchule: antchito odandaula malipiro awo, okongola nsalu ndi mchere, nthawi zina mkazi ndi ana amene achibale ena sankawawerengera. Onaninso malisiti. Amene adasaina kapena kudinda chala anali moyo tsiku limenelo, ndipo mwana wamkazi akasaina ndi dzina lina, mwadziwa kumene adakwatiwa.

Manambala atatu ogundizana, monga £14 7s 6d, ndi mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 paundi imodzi. Mukaona 7/6 ndi masheleni 7 ndi susu, 3d ndi tiki, ndipo guinea ndi masheleni 21. Poonkhetsa musachite ngati ndi matambala, mudzapeza kuti akaunti sikugwirizana pomwe ili bwinobwino. Kwacha idabwera mu 1971, paundi imodzi n'kukhala K2. Musavutike kusandutsa ndalamazo kukhala za lero. Yerekezani ndi mitengo ya m'fayilo momwemo, monga ya njinga, makina osokera kapena malipiro a mlonda pamwezi.

Tsiku la imfa ndi tsiku la chikalata cha khoti ndi osiyana. Pakati pake pamatha miyezi, pena zaka, ndipo kaundula amatsata chaka chimene fayilo idatsegulidwa. Zidziwitso zoitana okongoza malemu zinkatuluka mu Nyasaland Government Gazette, choncho ngati pepala lina lasowa m'fayilo, kaoneni kumeneko.

FUNSO: Tikulemba mbiri ya esiteti imene makolo athu ankagwirako thangata. Wilo ya mzungu mwini wake ingapezeke kuti? Aphunzitsi a ku Chiradzulu

YANKHO: Ingakhale kuwiri, aphunzitsi: kuno kumene kunali munda, ndi kwawo kumene kunali nyumba ndi banki. Ku England ndi Wales mawilo onse kuyambira mu 1858 ali m'kaundula mmodzi wa chaka ndi chaka, wosonyeza dzina, kumene ankakhala, tsiku la imfa, woyendetsa chuma ndi mtengo wa chumacho, ndipo amasakika pa intaneti. Scotland ili ndi malamulo akeake, ndipo mawilo ake mpaka 1925 ali pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople. Poti azungu ambiri a ku Blantyre, Zomba ndi Mulanje anali ochokera ku Scotland, kusaka ku England kokha n'kutaya nthawi.

Chenjerani ndi minda ya makampani. Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, adamwalira mu 1893, ndipo malo a ku Magomero adakhala m'manja mwa osunga chuma chake, kenaka kampani ya A. L. Bruce Estates. Munda ukalowa m'kampani, m'mawilo a eni ake mumangopezeka masheya, osati maekala kapena malire. Malire mukawapeza m'zikalata za Certificate of Claim zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda panthawiyo, ankapereka m'zaka za m'ma 1890, ndi m'kaundula wa malo ku unduna wa zamalo. Maina a makolo anu ali m'mafayilo a DC okhudza thangata ndi msonkho, osati mu wilo.

FUNSO: Ndikajambula fayilo ndi foni, kodi ndingaigwiritse ntchito kukhoti pa mlandu wa nyumba ya malemu bambo, omwe adamwalira mu 1994? Mayi a ku Mzuzu

YANKHO: Chithunzi cha pafoni n'chokumbutsira inu nokha, mayi, ndipo musanajambule pemphani chilolezo. Khoti limafuna kope yodindidwa ndi kusainidwa ndi ofesi imene ikusunga fayiloyo. Ya mu 1994 mwina sidafike n'komwe kumalo owerengera ku Zomba. Yambani ku kaundula wa bwalo lalikulu la milandu limene lidapereka chikalata, kwa Administrator General (ofesi ya boma yoyendetsa chuma cha masiye), kapena kwa DC ngati chumacho chidadzera kumeneko. Tengani chiphaso chanu, umboni wa imfa ndi wa ubale wanu, komanso nambala ya fayilo ngati ilipo pa kalata ina iliyonse yakale. Polemba nambalayo musasiye chaka chake, chifukwa manambala amayambiranso pa 1 chaka chilichonse. Fayilo imangosonyeza amene adapatsidwa mphamvu ndi mmene adagawira. Ngati nyumbayo idasinthidwa dzina, umboni wake uli ku ofesi ya zamalo kapena ku khonsolo, ndipo mapepala onse awiri mupite nawo kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau musanakasume.