Njira ya chithunzi ili mu Links, koma fayilo yake ikhoza kukhala m'thumba la munthu wina

Achemwali, mwafunsa mmene mungadziwire kumene kuli mafayilo a zithunzi za m'buku lanu la mu InDesign, pulogalamu yokonzera masamba a mabuku. Musadzivutitse ndi kutsegula mafoda onse a pakompyuta, chifukwa InDesign imasunga yokha njira ya chithunzi chilichonse chimene chinalowa m'buku kudzera pa Place, lamulo loikira chithunzi patsamba. Pitani pa Window ndi kusankha Links, kapena dinani Ctrl, Shift ndi D nthawi imodzi, ndipo mudzaona mndandanda wa zithunzi zonse pamodzi ndi tsamba limene chilichonse chili. Mukasankha dzina la chithunzi, yang'anani m'munsi pa Link Info, pamzere wolembedwa Path, pamene pamaoneka njira yonse kuyambira pa chilembo cha diski mpaka pa dzina la fayilo. Mukadina dzinalo ndi batani lakumanja la mausi mudzapeza Reveal in Explorer, kapena Reveal in Finder ngati muli pa Mac, ndipo foda yake idzatseguka pomwepo. Kutsegula foda kumeneku kumatheka ngati fayiloyo ilipodi, ndipo ine ndinaona zakuda pamenepa.

Anandipatsa buku la chikumbutso cha sukulu ina kuti ndilimalize, chifukwa mnyamata amene analiyamba anasiya ntchito mwadzidzidzi atalandira kale gawo la malipiro ake. Aphunzitsi aakulu anafika nalo madzulo, fayilo imodzi yokha ya indd, yomwe ndi fayilo ya InDesign ya bukulo, osindikiza ku Limbe akuyembekezera PDF m'mawa mwake. Nditangoitsegula, pafupifupi Links yonse inafiira ndi zizindikiro za funso kuyambira pamwamba mpaka pansi, pamene masamba ake ankaoneka bwinobwino, chifukwa pulogalamuyi imasunga kachithunzi kongoonetsera kamene pasikirini kamanamiza maso koma papepala kamatuluka kosweka. Aphunzitsiwo analoza pasikirini n'kundifunsa kuti zithunzi zasowa bwanji pamene iwo akuziona ndi maso awo, ndipo ndinavutika kuwafotokozera kuti chimene akuonacho ndi mthunzi chabe. Path ya chithunzi chilichonse inkayamba ndi E: kenako New folder (2), kusonyeza kuti zonse zinali pa flash ya mnyamatayo, imene anachoka nayo.

Tinamuimbira foni mpaka usiku osayankha, ndipo atayankha anati zonse zili momwemo, ife ndi amene sitidziwa kugwiritsa ntchito kompyuta. Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero, chifukwa munthu amene amalipiritsa ngati katswiri sangalephere kudziwa kuti InDesign simeza zithunzi koma imangoloza kumene zili. Titamunyengerera, anatumiza zithunzizo pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, motero zinafika zitafinyidwa ndiponso zitasintha mayina, chilichonse chikuyamba ndi IMG n'kukhala ndi WA pakati. Relink to Folder, imene ikanalumikiza zonse kamodzi, imadalira kuti mayina afanane ndi akale, choncho ndinakhala usiku wonse ndikulumikiza chimodzichimodzi, ndikuyerekeza nkhope za ana a sukulu ovala yunifolomu yofanana kuti ndidziwe chithunzi cha tsamba lililonse. Chimene chinandiswa mtima ndi chithunzi cha mayi amene anayambitsa sukuluyo, amene anamwalira kalekale. Chinayenera kudzaza tsamba lonse loyamba, koma Effective PPI yake, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi iliyonse ya pepala, inatsika kutali kwambiri ndi 300 imene osindikiza amafuna, moti maso a mayiwo anasanduka timabokosi. Tinachichepetsa mpaka chinakhala kakang'ono pakona, ndipo patsiku la mwambo achibale awo anafunsa aphunzitsi aakulu chifukwa chake mayi awo anawapeputsa chotero, mnyamata uja ali phee kwawo.

Choncho mukapeza njirayo, muiwerenge mosamala musanayambe kudandaula. Ikayamba ndi E: kapena F:, kawirikawiri ndiye kuti zithunzi zili pa flash kapena pa diski yakunja, ndipo nthawi zina palibe chimene chasowa, kungoti Windows yapatsa flash yomweyo chilembo china. Ikadutsa mu Users n'kutchula dzina la munthu wina, zithunzizo zili pakompyuta ya munthuyo, ndipo mumuuze atumize mafayilo enieniwo ngati Document, osati ngati zithunzi wamba. Chizindikiro chachikasu cha makona atatu chisakuopseni, chifukwa chimangotanthauza kuti fayilo ilipo koma inasinthidwa, ndipo Update Link imakonza zimenezo. Ngati zithunzi n'zambiri, lowani mu Panel Options ndi kuika Path kuti ikhale ndi danga lakelake pamndandanda, kuti muone njira zonse nthawi imodzi. Amene muli pa Scribus, pulogalamu ina yokonzera masamba, zomwezi zili pa Extras, pa Manage Images.

Musalandirenso fayilo ya indd yokha kwa munthu aliyense, ngakhale akhale mbale wanu. Muuzeni apite pa File ndi kusankha Package, imene imasonkhanitsa buku, foda ya Links ndi mafonti pamalo amodzi, ndipo foda yonseyo isagawidwe poisamutsa. Embed Link, imene imalowetsa chithunzi chenichenicho m'kati mwa fayilo ya buku, ine sindiilimbikitsa, chifukwa imatupitsa fayilo ndipo mukakonza chithunzi mu Photoshop kusinthako sikufika m'buku. Komabe m'buku lija zithunzi zokhazo zimene zinatuluka bwino ndi zochepa zimene mnyamatayo anazichita Embed, kaya mwangozi kaya mwadala, motero ngati amene anakukonzerani fayiloyo mukumukayikira, muumirizeni achite Embed pa zithunzi zofunika kwambiri asanalandire ndalama yotsala.