Makina a khofi a banja lonse: yankho kwa amayi a ku Area 25

Ndalandira imelo yochokera kwa amayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano poti funso lawo likukhudza makomo ambiri. Akuti pakhomo pawo pali akuluakulu 4 omwa khofi: iwowo, abambo akunyumba, mwana wawo wachisamba yemwe wayamba ntchito, ndi alamu awo. Apongozi amamwa tiyi basi, ndipo ana awiri akadali kupulayimale. Onse amanyamuka m'mamawa kuthamangira minibasi misewu isanadzaze. Achimwene awo a ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi ndipo alonjeza kuwagulira makina a khofi, koma mtima wa achimwenewo uli pa aja a makapisozi, timakapu tomata tokhala ndi khofi wopera kale, akuti poti umangodina batani. Amayiwa akufunsa kuti makina osavuta kwenikweni pa banja lotere ndi ati.

Amayi, ndiyambe ndi yankho lenilenilo. Awuzeni achimwene agule makina odontheza, aja amene mumathira madzi m'kathanki kumbuyo, ufa wa khofi m'sefa pamwamba, kenako khofi n'kumadonthera yekha mu jagi. Jagiyo ikhale yachitsulo yosunga kutentha, osati yagalasi. Ndalama yotsala awonjezerepo French press, jagi yopangira khofi yosafuna magetsi, ya lita imodzi. A makapisozi asagule, ndipo ndikhalitsa pamenepa chifukwa ndikudziwa kuti achimwene sangagonje msanga.

Makina a makapisozi si oipa ayi. Kampani ya Nestlé inayambitsa makina otere otchedwa Nespresso mu 1986 ku Switzerland, ndipo kwa munthu wokhala yekha, womwa kakapu kamodzi asanatuluke, ndi abwino zedi. Koma taganizirani m'mawa wa Lolemba kukhitchini kwanu. Makinawa amapanga kapu imodzi pa nthawi. Kapisozi mmodzi wa Nespresso amakhala ndi khofi wa magalamu 5 kapena 6 okha, ndipo amatulutsa mamililita 40, kapena 110 mukadina batani lalikulu. Makapu amene timamwera kuno, aja otakasiramo shuga ndi kuviikamo buledi, amalowa mamililita 250 kapena kuposa. Kuti kapu yotere idzaze ndi khofi womveka pakamwa pamafunika magalamu pafupifupi 15. Ndiye aliyense adzafuna makapisozi awiri, apo ayi adzangowonjezera madzi n'kumamwa zosukuluka. Anthu 4, makapisozi awiriawiri, ndiye 8 m'mawa umodzi, 240 pamwezi. Amagulitsidwa 10 m'kabokosi, ndiye kuti timabokosi 24 mwezi uliwonse, ndipo wina aliyense ayenera kuima pamzere kudikira mnzake amalize.

Funso lalikulu n'lakuti timabokosito muziti mwatitenga kuti. Makapisozi amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene katundu wotere amasowera m'mashelefu ndalamazo zikavuta. Chinanso, sakwanirana: a Nespresso akale salowa m'makina atsopano a Nespresso otchedwa Vertuo, a mtundu wina wotchedwa Dolce Gusto nawonso ali ndi maonekedwe awoawo. Mutha kupeza bokosi m'sitolo ya m'tauni, kufika nalo kunyumba n'kupeza kuti si la makina anu. Alipo makapisozi achitsulo odzazanso wekha, koma kudzaza 8 m'mawa uliwonse ndi kasupuni, kuwatsuka, kuwaumitsa, kusavuta kuja kwathera pomwepo. Pa banja ngati lanu makinawa ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo ndikuopa kuti pofika Pasaka adzakhala atakwera pamwamba pa kabati atafunditsidwa nsalu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti khofi wabwino tili naye konkuno. Alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku ku Chitipa, a ku Phoka ku Rumphi, a ku Viphya ndi ku Ntchisi amalima khofi wa mtundu wa arabica, ndipo wambiri amafika m'masitolo ndi dzina la Mzuzu Coffee. Ku Thyolo nako esiteti ya Satemwa imalima khofi pambali pa tiyi. Paketi ya magalamu 250 imatulutsa malita oposa pang'ono 4, ndiye makapu athu aakulu aja 16. Sindikuona chifukwa choti banja la ku Lilongwe lizidikira munthu wochokera ku Joni kuti limwe khofi, pomwe wa ku Misuku ali pa shelefu pafupi ndi shuga. Makina amene mukusankha akhale oti azilandira khofi ameneyu.

Tsopano za odontheza aja. Nzeru yosefera khofi papepala inachokera kwa mayi wapakhomo, Melitta Bentz wa ku Dresden ku Germany, yemwe mu 1908 anaboola kampoto n'kuyalamo pepala la m'kope la mwana wake chifukwa chotopa ndi nsenga za khofi m'kapu. Makina amagetsi a lero angowonjezerapo chotenthetsera madzi. Mkati mwake mulibe zambiri: madzi amatsikira m'kapaipi kotentha, akayamba kuwira amadzikankha okha kukwera, n'kumagwera pa ufa uja. Mulibe pampu. Kuchepa kwa zamkatiku ndiye ubwino wake, chifukwa akawonongeka, mmisiri amene amakonza maketulo ndi maayironi kumsika akhoza kuwatsegula n'kuona vuto. Mukadzuka mumathira madzi ndi khofi, kudina, n'kupita kukakonzekeretsa ana. Pasanathe mphindi 10 khofi wa nyumba yonse wapsa, ndipo aliyense amadzithirira nthawi yake.

Pa katoni padzalembedwa kuti makapu 10 kapena 12. Achimwene asatengeke nazo. Opanga amawerengera kakapu ka mamililita pafupifupi 125, ndiye makina a "makapu 10" amalowa malita 1.25, omwe ndi makapu anu 5. Pa anthu 4 ndi okwanira bwino, koma ocheperapo ayi. Ayang'ane malita, osati makapu.

Nkhani ya jagi ndiyofunika kuposa dzina la kampani, kaya ndi Philips, Russell Hobbs kapena Melitta. Makina a jagi yagalasi amakhala ndi kachitsulo kotentha pansi koti khofi asazizire. Khofi akakhala pamenepo kupitirira theka la ola amayamba kuwawa ndi kununkha chopserera, ndiye wodzuka mochedwa amamwa zina. Komanso galasi m'nyumba ya ana silikhalitsa, ndipo jagi ikasweka kupeza inzake yokwana ndendende n'kovuta, makina abwinobwino n'kungokhala. Yachitsulo imagwa n'kudzuka, ndipo imasunga khofi wotentha kwa maola angapo popanda magetsi. Muziyamba mwaitsukuluza ndi madzi otentha kuti isabe kutentha kwa khofi. Palinso makina okhala ndi wotchi, oti mumatchera usiku kuti adziyatse okha m'mawa. Musawonjezere ndalama pa zimenezo. Ambiri mwa iwo magetsi akangothima usiku wotchi ija imaiwala nthawi.

Sefa ilipo ya mitundu iwiri. Makina ambiri amabwera ndi yokhalitsa, ya kaukonde kosalala, yongotsuka n'kubwezera. Imeneyo ikhalepo, kuti tsiku losowa mapepala musagone ndi ludzu. Koma achimwene atengenso mabokosi angapo a mapepala a nambala yogwirizana ndi makinawo, kawirikawiri amakhala nambala 4. Ndi opepuka m'chikwama, ndipo alinso ndi phindu pa thanzi: pepala limagwira mafuta ena a mu khofi otchedwa cafestol, omwe amakweza kolesterolo m'magazi. Ngati abambo anauzidwapo kuchipatala za kolesterolo, khofi wawo wa tsiku ndi tsiku azidzera papepala.

Muyezo wake ndi magalamu pafupifupi 60 pa lita imodzi ya madzi, omwe ndi masupuni aakulu 10 mpaka 12 osasefukira. Yambani pamenepo, kenako muzichepetsa kapena kuwonjezera mpaka nyumba igwirizane. Ufawo ukhale wapakatikati, wokhakhala ngati shuga woyera. Wosalala kwambiri umatseka sefa, madzi n'kusefukira pa tebulo. Paketi mukatsegula muzithira m'botolo lotseka bwino n'kuika m'kabati, osati mufiriji momwe amatengera chinyezi ndi fungo la ndiwo. Chopera khofi chidzabwera m'tsogolo mukadzazolowera. Pakadali pano gulani wopera kale, paketi yoti ithe m'masabata awiri kapena atatu.

Za magetsi pali zinthu ziwiri zoti achimwene adziwe. Mphamvu ya magetsi a ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, mavoti 230, ndiye makinawo agwira ntchito. Chosiyana ndi pulagi: kumeneko yambiri ndi ya mano atatu ozungulira, pomwe yathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain. Musadalire tiadaputa totchipa ta pamsika, timatentha n'kusungunuka tikanyamula chinthu chotenthetsa madzi. Muitane wodziwa zamagetsi adule pulagiyo n'kuika yathu yokhala ndi fyuzi ya maampu 13. Kwa owerenga ena amene abale awo ali ku America, chenjerani: makina akumeneko ndi a mavoti 120, mukawalumikiza kuno amapsa nthawi yomweyo. Chachiwiri, makina odontheza amakoka mawati pakati pa 800 ndi 1,000 kapena kuposerapo pang'ono. Pa mayunitsi si zambiri poti amayaka mphindi zochepa, yunitsi imodzi imakwana maulendo 6 kapena 7. Koma ngati muli ndi kainveta ka sola koyatsira mababu ndi TV, musawalumikizeko, kadzazima.

Apa ndiye pakubwera French press. Ndi jagi chabe yokhala ndi chotsindira cha sefa, yosafuna magetsi, yosafuna pepala. Tsiku limene magetsi athima mumawiritsa madzi pa mbaula kapena pa gasi, kuthira ufa mu jagi, kuthira madzi, kutakasa kamodzi, kuvundikira n'kudikira mphindi 4. Kenako mumatsindira pang'onopang'ono ndi chikhatho. Mukamva kulimba musakakamize, kwezani pang'ono n'kuyambiranso, chifukwa khofi wowira akhoza kuthovokera m'manja. Mukatha tsanulirani yense m'makapu kapena mufulasiki, akatsala pa nsenga amapitiriza kuwawa. Mabuku a khofi amati madzi abwino ndi a madigiri 90 mpaka 96, ndipo apa a ku Lilongwe muli ndi mwayi: mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000, choncho madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Mukangophula ketulo n'kufika nayo pa tebulo, madziwo ali kale pa muyezo. Nayonso achimwene asankhe yachitsulo.

Inuyo mwati mumakonda khofi wamkaka wa thovu ngati wa m'malesitilanti. French press yomweyo ikupatsani. Tenthetsani mkaka osaufikitsa powira, thirani mu jagi yotsuka bwino osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako kwezani ndi kutsitsa chotsindira chija mofulumira kwa theka la mphindi. Mkaka umafufuma n'kukhala wa thovu losalala. Anawo mutha kuwathirirako pa koko wawo, nawonso asangalale.

Mwina achimwene anena za makina aakulu aja opera okha njere, monga a De'Longhi kapena Jura. Khofi wake ndi wokoma, sindikana. Koma ndi odula kwambiri, ali ndi chopera, pampu ndi kakompyuta mkati, zonse zoopa magetsi obwera mwamphamvu akatha kuthima, ndipo timapaipi ta mkaka timafuna kutsukidwa tsiku lililonse, makamaka kutentha kwa mu Okutobala. Nawonso amapanga kapu imodzi kapena ziwiri pa nthawi. Kampoto kophikira khofi pa moto kotchedwa moka, ka ku Italy, kamene Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933, ndimakakonda pa khofi wamphamvu wa anthu awiri, koma kotchedwa ka makapu 6 kamangodzaza kapu yanu imodzi ndi pang'ono, ndipo pa mbaula chogwirira chake chimasungunuka msanga.

Kusamala makina odontheza n'kosavuta. Sefa ndi jagi muzitsuka tsiku lomwelo, nsenga muzithira kudimba kapena m'maluwa. Suzumirani m'ketulo yanu: ngati pansi pamachita zoyera zolimba, dziwani kuti zomwezo zizimera m'kapaipi ka makina, makamaka ngati mumamwa madzi a pa mjigo. Chizindikiro chake n'chakuti makina amayamba kuchedwa ndi kuchita phokoso lofwenthera. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muziyendetsamo viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kenako madzi okha kawiri kapena katatu. Muyambe mwawerenga kabuku kake, poti opanga ena amakaniza viniga n'kulamula citric acid, ufa wowawasa ngati ndimu. Tiyi wa apongozi asalowe mu jagi imeneyi. Fungo la khofi limakanirira m'chivundikiro, ndipo adzalimva. Iwo ketulo ndi tipoti yawo zikhale monga kale.

Popeza jagi yodzaza imakopa munthu kubwereza, ndinenepo za muyezo wa thupi. Akatswiri a zaumoyo ku Ulaya ndi ku America amati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 patsiku a caffeine, chinthu cha mu khofi chimene chimachotsa tulo, omwe ndi makapu apakatikati 3 kapena 4, ndipo mayi woyembekezera amalangizidwa kusapitirira 200. Ana a kupulayimale asamwe khofi. Amene ali ndi BP afunse kuchipatala kuti azimwa wochuluka bwanji.

Achimwene akagula, asadikire kufika kuno kuti atsegule katoni. Awayese konko ku Johannesburg ndi madzi okha, aone kuti akutentha ndiponso kuti jagi sikudontha pachivundikiro, chifukwa chitsimikizo cha sitolo ya kumeneko sichingakuthandizeni muli ku Area 25. Ngati akubwera pa basi, katoniyo aikulunge ndi zovala n'kuiika pakati pa chikwama, osati pansi pa katundu wolemera, ndipo lisiti likhale m'thumba lapafupi kuti pa chipata cha Mwanza kapena Dedza akangofunsidwa mtengo alitulutse.