Yankho kwa mayi amene mwana wawo akupita ku umishonale kumpoto kwa Ghana

Mayi, funso lanu ndaliwerenga, ndipo ndaona kuti ambiri akuyankhani ndi mawu achilimbikitso, zomwe ndi zabwino, koma ine ndati ndiwonjezerepo zimene ndinaona ndi maso anga, popeza njira imene mwana wanu akuyendayi nanenso ndinadutsamo. Mwalemba kuti mnyamata wanu anatsiriza maphunziro oyamba ku Balaka, anakachita chaka cha moyo wauzimu ku Kasama m'dziko la Zambia, ndipo tsopano akuluakulu a chipani cha Missionaries of Africa amuuza kuti akakhale zaka ziwiri kumpoto kwa Ghana. Mukufuna kudziwa zimene azikachita kuyambira m'mawa mpaka usiku, ngati azikalandira malipiro, ndiponso ngati mwana wa Chikatolika angakhale mwamtendere pakati pa Asilamu ochuluka chotero. Ine ndinatumizidwa kudera lomwelo, pakati pa Adagomba a m'midzi yozungulira Tamale, ndipo ngakhale sindinapitirire mpaka ku unsembe, moyo wa kumeneko ndikuudziwa bwino.

Mfundo yaikulu ndi yakuti mwana wanu akupita kukaphunzitsidwa ndi anthu amene watumidwa kwa iwo, ndipo ntchito ina iliyonse imene akagwire idzatsatira pambuyo pa zimenezi. Chipanichi anachiyambitsa ndi Kadinala Charles Lavigerie mu 1868 ku Algiers, ndipo kuyambira pachiyambi iye ankaumirira kuti mmishonale aphunzire chilankhulo cha eni dziko, adye chakudya chawo ndi kukhala pafupi nawo. Ansembe amene anafika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni mu 1903 anayamba ndi kukhala pansi n'kumamvetsera Chichewa cha agogo athu, ndipo anzawo a chipani chomwecho anafika ku Navrongo, kumpoto kwa Ghana, mu 1906 n'kuyambanso chimodzimodzi. Malemu Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 ndipo analimbikitsa kwambiri miphakati imene timakumanamo lero, anali a chipani chimenechi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kale ife tinkangolandira amishonale, pamene lero ana athu ndi amene akutumidwa.

Miyezi yoyamba sadzapatsidwa ntchito yooneka ndi maso, chifukwa nthawi yonse imapita ku chilankhulo. Chingerezi ndi chilankhulo cha boma ku Ghana, koma m'midzi ya Adagomba agogo, amayi ndi ana amalankhula Chidagbani, chimene sichifanana ndi Chichewa ngakhale pang'ono, ndipo mawu amasintha tanthauzo malingana ndi mmene munthu wakwezera kapena kutsitsira liwu. M'mawa amakhala ndi mphunzitsi, masana amapita kumsika kapena m'makomo kukayesa zimene waphunzira, ana akumuseka ndi kumukonza. Pamenepa ndi pamene anyamata ambiri amavutika mumtima, chifukwa munthu amene ankatsogolera mapemphero ndi kulankhula pagulu mosadodoma amapezeka kuti sangathe kufunsa mtengo wa tomato. Akadzakuimbirani foni m'miyezi imeneyi n'kumati sakuona phindu la kukhala kwake kumeneko, musadzadzidzimuke, ndipo musadzamuuze kuti abwerere. Mudzamufunse mawu amene waphunzira sabata imeneyo, mudzamufunse za anthu amene wawachezera, popeza zimenezo ndiye ntchito yake ya nthawi imeneyo.

Tsiku limayamba kusanache. Kumeneko munthu sasowa chomudzutsa, pakuti cha m'ma 5 koloko kuitana kwa mapemphero kumamveka kuchokera m'mizikiti yonse ya pafupi. Amadzuka, amakhala kanthawi m'tchalitchi chaching'ono cha m'nyumba akusinkhasinkha Mawu a Mulungu, kenaka amachita mapemphero a m'mawa pamodzi ndi ansembe, Misa n'kutsatira. Akamwa tiyi aliyense amalowera ku ntchito yake. Masana amakumananso pa chakudya, amapuma pang'ono chifukwa cha kutentha, ndipo dzuwa likapendeka amatulukanso mpaka nthawi ya mapemphero a madzulo. Ndondomeko imeneyi siisinthasintha, ndipo n'zoona kuti masiku ena imatopetsa, koma ndi imene imamugwira munthu pamene mtima wapita kumudzi.

Chilankhulo chikayamba kugwira, bambo mfumu amamupatsa ntchito zake. Kawirikawiri amamupatsa achinyamata, otumikira pa Misa, kwaya, kapena kalasi ya akatekumeni, ndipo ena amaphunzitsa pa sukulu ya parishi. Lamulungu amakwera njinga yamoto kupita ku nthambi yakutali kumene wansembe sangafike sabata imeneyo, ndipo kumeneko amatsogolera mapemphero a Mawu a Mulungu mothandizana ndi katekisti. Musaganize za chikhamu chimene mumachiona ku Maula kapena ku Kanengo. Ku nthambi zina amapeza anthu ochepa kwambiri atakhala pa mabenchi pansi pa mtengo, m'mudzi umene mabanja ena onse ndi Asilamu kapena otsata chipembedzo cha makolo, ndipo ayenera kuwakonzera ulaliki mwakhama lofanana ndi limene akanaonetsa m'tchalitchi chodzaza.

Komabe ntchito imene imatenga nthawi yambiri, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa zonse, ndi kuyendera anthu m'makomo. Adagomba amamanga nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zolumikizidwa ndi khoma, bwalo lili pakati, ndipo mlendo salowa chilowelowe. Ukafika pakhomo umayamba wapereka moni kwa mwini khomolo, ndipo ngati ali wamkulu umanjuta pansi. Moni wake ndi wautali, chifukwa amafunsa za kugona, za kuzizira kapena kutentha, za ntchito, za a kunyumba, ndipo funso lililonse liyenera kuyankhidwa. Kenaka mtsikana amabwera ndi madzi m'chikho, ndipo usanamwe madziwo nkhani imene wabwerera siingayambe. Ndikukumbukira bambo wina wokalamba, Msilamu, amene miyendo inali itafooka, ndipo ankakhala pa chikopa pakhomo la nyumba yake akupota chingwe. Masiku ambiri tinkangopatsana moni, n'kukhala chete, iye akupota, ine ndikuyang'ana nkhanga zikudutsa pabwalo, ndipo nthawi zina ankandiuza dzina la chinthu n'kundiuza kuti ndibwereze mpaka nditatchula bwino. Mwana wa m'banjamo atadwala kwambiri usiku, anatuma mnyamata kudzagogoda ku parishi kuti tithandize kumutengera kuchipatala. Bamboyo sanasinthe chipembedzo, ndipo panalibe amene anamupempha kutero, koma anadziwa khomo limene angagogode pa nthawi ya mavuto.

Apa ndiye ndayankhanso nkhawa yanu yokhudza Asilamu. Tamale ndi mzinda umene Asilamu ndi ochuluka kwambiri, koma Mpingo wa Katolika uli ndi arkidayosizi kumeneko, sukulu zake zimaphunzitsa ana a zipembedzo zonse, ndipo malemu Peter Dery, amene anali arkiepiskopi wa Tamale, anasankhidwa kukhala kadinala mu 2006. Pa nthawi ya Ramadhani mwana wanu adzaphunzira kusadya kapena kumwa poyera pamaso pa anthu amene akusala, ndipo pa chikondwerero chomasula adzaitanidwa kukadya m'makomo ambiri. Sindikubisirani kuti derali linaonapo nkhondo, monga ya mu 1994 pakati pa Akonkomba ndi mitundu yoyandikana nayo, imene gwero lake linali nkhani za malo ndi ufumu, ndiponso kuti ku Burkina Faso, dziko loyandikana nalo chakumpoto, kwakhala kuli zigawenga kwa zaka zingapo. Chimene chimamuteteza mnyamata ndi kumvera ansembe ndi akatekisti amene akudziwa deralo, kusayenda usiku popanda chifukwa, ndi kusalowerera m'mikangano ya maufumu ngakhale atafunsidwa maganizo ake.

Za thupi, chinthu chovuta kwambiri ndi nyengo. Mvula imagwa kuyambira cha m'mwezi wa May mpaka October, nthawi imene kuno kuli chilimwe. Kuyambira December kumawomba mphepo youma ya harmattan yochokera ku chipululu cha Sahara, imene imadzaza fumbi m'mwamba mpaka dzuwa limaoneka lofiira masana, milomo imang'ambika ndipo ena amatuluka magazi m'mphuno. Mu March ndi April kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo anthu ambiri amagona panja. Mwana amene anakulira mu Lilongwe adzavutika chaka choyamba. Pa chakudya musade nkhawa kwambiri, popeza chakudya chawo chachikulu, chotchedwa tuo zaafi, ndi chofanana ndi nsima yathu koma chofewerapo, ndipo amadyera therere la masamba amene kuno timawatchula denje. Amalimanso zilazi zambiri, mapira, mawere ndi mtedza, ndipo nyama ya nkhanga siisowa. Tsabola yekha ndi amene amachuluka m'ndiwo, ndipo m'mimba mumatenga kanthawi kuti muzolowere.

Pali chinthu china chimene makolo sachiganizira, chomwe ndi moyo wa m'nyumba ya ansembe. Lamulo la chipanichi limafuna kuti amishonale azikhala atatu kapena kupitirira apo, ndipo amasakaniza dala anthu ochokera m'mayiko osiyana. Mwana wanu angapezeke pa tebulo limodzi ndi wansembe wa ku Congo, wina wa ku Burkina Faso ndi wokalamba wina wa ku Ulaya amene wakhala ku Ghana zaka zambiri kuposa zaka zobadwa za mwana wanuyo. Ife Amalawi tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula timakhala chete, ndipo tikakhumudwa timasunga mumtima, pamene anzathu ena amalankhula mosapsatira ndipo amayembekeza kuti nawenso unene maganizo ako. Mnyamata akangokhala chete amaoneka ngati wobisa zinthu, ndipo iyenso amawaona anzakewo ngati amwano. Mulangizeni kuti ulemu umene munamuphunzitsa asautaye, koma aphunzire kunena zimene zili kukhosi pa nthawi yake, makamaka kwa wansembe amene wapatsidwa kuti azimutsogolera pa moyo wauzimu.

Pa nkhani ya malipiro ndiyankha mosazungulira. Salandira malipiro. Chipani chimamulipirira ulendo, chakudya, malo ogona ndi chipatala, ndipo amapatsidwa kandalama kochepa kogulira sopo, mayunitsi ndi zina zing'onozing'ono. Ndikukupemphani kuti nkhaniyi muifotokoze bwino kwa amalume ake, azakhali ake ndi abale ake onse, chifukwa kwathu kuno munthu akangokwera ndege pa bwalo la Kamuzu anthu amayamba kuwerengera kuti fizi ya ana ndi feteleza zapezeka. Mauthenga opempha ndalama amamupweteka kwambiri mnyamata amene alibe choti atumize, ndipo ndaona ena akusiya njira imene ankaikonda chifukwa cha manyazi amenewa. Ngati banja linkadalira kuti iyeyu ndiye adzasenze mavuto a pakhomo, ndi bwino kukambirana zimenezi poyera asananyamuke.

Kulankhulana masiku ano n'kosavuta chifukwa cha WhatsApp, ndipo mungokumbukira kuti nthawi ya ku Ghana ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu. Komabe musamuimbire tsiku ndi tsiku kapena kumuuza kamkangano kalikonse ka pamudzi, chifukwa mnyamata amene thupi lili ku Tamale koma maganizo ali ku Area 25 sangaphunzire chilankhulo kapena kupeza abwenzi. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Nkhani zazikulu monga matenda aakulu kapena maliro musamubisire, ndipo ndi bwino kudziwitsanso ansembe a chipanichi kuno ku Lilongwe kuti alumikizane ndi anzawo a ku Ghana, kuti uthenga ukamufika pakhale womukhazika mtima pansi. Zoti abwere kumaliro kapena ayi amagamula ndi akuluakulu ake, poona ubale wake ndi womwalirayo ndi kutalika kwa ulendo, ndipo n'kutheka ndithu kuti maliro ena adzamudutsa ali kutali.

Mudziwenso kuti zaka ziwirizi ndi nthawi yoyesa maitanidwe, kwa iye mwini ndi kwa chipani. Lumbiro la umishonale limabwera patsogolo, pafupi ndi mapeto a maphunziro a zaumulungu, choncho pakadali pano sanamangidwe ndi lonjezo la moyo wonse. Ena akatsiriza amapitiriza maphunziro, ena amabwerera kwawo monga ndinachitira ine, ndipo onsewa amakhala atachita chimene nthawiyi inaikidwira. Chonde musayambe kumutchula kuti abambo pamaso pa anthu a mu mphakati, chifukwa dzina limenelo likamukakamira asanadzozedwe limamulepheretsa kuganiza momasuka, ndipo akabwerera amaopa kuonekera kutchalitchi.

Asananyamuke aonetsetse kuti pasipoti yake siitha mphamvu m'kati mwa zaka ziwirizi, ndipo alandire katemera wa yellow fever, popeza Ghana salola munthu kulowa popanda kakhadi kosonyeza katemerayu. Afunsenso achipatala za katemera wa matenda oumitsa khosi, amene amabuka kumpotoko m'miyezi youma ndi yotentha. Malungo aliko ambiri, choncho azigona m'neti ndipo akangomva kutentha thupi akayezetse msanga. Ndege zochokera kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kukafika ku Accra, ndipo kuchokera pamenepo patsala mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuti afike ku Tamale. Ngati sanaphunzire kuyendetsa njinga yamoto, aphunzire akadali kuno, ndipo mumuuze kuti chipewa choteteza mutu asamachisiye ngakhale kutatentha motani, chifukwa misewu ya ku nthambi ndi ya mchenga ndi maenje.