Mawu oti "spread": kufala, kuyala, kupaka ndi kumwaza

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, watitumizira imelo. Akuti m'chimangirizo chake analemba kuti "cholera spreaded quickly", aphunzitsi n'kukhwatcha ndi bolopeni yofiira. Atatsegula dikishonale anapeza matanthauzo ambirimbiri mpaka mutu kuima. Akufunsa kuti mawu amenewa amatanthauza chiyani kwenikweni, nanga analakwitsa pati.

Achemwali, tiyambe ndi pomwe pakhwatchidwapo. Mneni ameneyu sasintha maonekedwe ponena zakale. Zochitika lero ndi "spread", zadzulo ndi "spread", ngakhale patsogolo pa "has" kapena "was" amakhala yemweyo. Ali gulu limodzi ndi "cut", "put" ndi "shut". Choncho "spreaded" kulibe, ngakhale dzanja limathamangira kuika -ed chifukwa cha chizolowezi. Potchula, amveke ngati "bread" kapena "red".

Matanthauzo akuoneka ambiri chifukwa Chingerezi chaunjika m'mawu amodzi ntchito zomwe ife tinazigawa. Ganizo lake ndi limodzi: chinthu chinali pamalo ochepa, tsopano chatenga malo aakulu.

Taonani pakhomo nthawi yokolola mtedza. Mayi akhuthula thumba palona, mtedza uli mulu, ayamba kuusalaza ndi manja kuti dzuwa liufikire wonse. Kusalazako ndiye "spread". Koma mawuwa paokha sanena za kuuma, ndiye kuyanika mtedza ndi "spread the groundnuts out to dry". Zovala zoyanika pachingwe ndi "hang". Kuyala mphasa ndi "spread a mat", pomwe kuyala bedi ndi "make the bed". Kupaka majarini pabuledi ndi "spread margarine on bread", koma mafuta odzola pathupi amafuna "apply" kapena "rub". Apa m'pamene ambiri amaterereka: amagwira tanthauzo limodzi la Chichewa n'kumalilowetsa paliponse. Kumwaza manyowa m'munda ndi "spread manure", mbalame ikatambasula mapiko ndi "spread its wings".

Chenjerani ndi "spray". Mawu awiriwa amamveka mofanana pakamwa pa anthu ambiri, koma kupopera mankhwala pafodya kapena pathonje ndi "spray".

Tsopano za matenda, pomwe pagona funso lanu. Ife tili ndi kufala ndi kufalitsa, ndipo kam'phatikiram'tsogolo -itsa kamatiuza kuti pali wochititsa. Chingerezi chilibe chizindikiro chotere pa mneni ameneyu, mumazindikira poona ngati patsogolo pake pali dzina la chinthu chofalitsidwacho. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inafala yokha m'chiganizo: "Cholera spread to other districts." Palibe "was". Koma matenda a kadukutu, aja amapinimbiritsa mtedza masamba n'kuchita chikasu, amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, ndiye timati "Aphids spread rosette" kapena "Rosette is spread by aphids." Mukalemba "the disease was spread quickly" osatchula chofalitsa, wowerenga amatsala akudikira kuti mumuuze kuti ndani. Ngati simukufuna kutchula wochititsa, chotsani "was". Lamulo lomweli ligwira pa mphekesera, uthenga wa pa WhatsApp ndi moto.

Timawu totsatira natonso n'tofunika, ndipo m'mayeso timadyetsa malikisi. "Spread to" akuloza kumene chinthu chafika, "spread from" kumene chachokera, "spread through" ndi pamene chadutsa m'kati monse, monga m'mudzi, ndipo "spread among" amafuna gulu la anthu kapena ziweto. Pali chining'a chakuti "spread like wildfire". Amene anaonapo moto wolusa tchire mu Okutobala kufupi ndi nkhalango ya Kasungu, udzu uli gwa, mphepo ikukankha, safunika kumumasulira. Koma musachigwiritse ntchito kawiri m'chimangirizo chimodzi, chimasukuluka msanga.

Pa ndalama, mawuwa amatanthauza kugawa malipiro m'nthawi. Ngongole ya K90,000 yobweza K30,000 mwezi uliwonse ndi "spread over three months". Kamawu kake apa ndi "over".

Amakhalanso dzina: "the spread of malaria" ndi kufala kwa malungo. Mudzawapezanso m'kati mwa "bedspread", nsalu yokuta bedi, "spreadsheet", tsamba la mizere yowerengetsera pa kompyuta monga la Excel, ndi "widespread", kunena chinthu chomwe chili ponseponse. Ameneyu ndi mfotokozi, ndiye amalembedwa "hunger was widespread", osati "hunger widespread quickly".

Chiganizo chanu chija chikonzeni chonchi: "Cholera spread quickly." Mukafuna kuonjezera chifukwa, lembani "Cholera spread quickly through contaminated water", ndiye kuti mwatchula ndi madzi oipa omwe matendawo anayendamo.