Yankho kwa azakhali pa za ulendo wa ku Aswan

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamvera uthenga wanu uja, woti inu ndi bambo akunyumbako mukufuna kukaona Aswan ku Egypt, ndipo mumafunsa kuti mupite mwezi uti, mudzere kuti, komanso ngati masiku 7 angakwane. Ndiyankha zonsezo, koma mukhale pansi kaye chifukwa ndilankhula motalikirapo.

Tiyambe ndi mwezi, pakuti ulendo wonse wagona pamenepa. Aswan ndi mzinda wa m'chipululu. Kobiriwira ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Nile mokha, mukangochokapo pang'ono ndi mchenga ndi miyala basi. Mvula sidziwika, chaka chimatha osagwa n'dontho lomwe. Juni, Julayi ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo malo amene mukufuna kukaonawo ndi amiyala, opanda mthunzi. Miyezi imeneyo ayi, ngakhale hotelo zitatchipa bwanji. Mupite pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Masana kumakhala madigiri 23 mpaka 28, usiku kumatsika kufika cha m'ma 10, ndiye juzi musaisiye, pamtsinje madzulo kamphepo kamalowa m'mafupa. Sabata ya Khirisimasi ndi Nyuwere muizembe, mitengo imakwera ndipo anthu amachita kupondana. Ine ndinganene kumapeto kwa Novembala kapena kumapeto kwa Januwale. Muonenso kuti Ramadan ikugwa liti chaka chimenecho, chifukwa malo ambiri odyera amatseka masana ndipo malo okaona amaweruka msanga.

Za mapepala. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6. Viza mukatengeretu ku ofesi ya kazembe wa Egypt ku Lilongwe, musadalire zoti mukagula pabwalo la ndege, mwayi umenewo si wa pasipoti iliyonse. Muyambe kuyendera zimenezi kudakali mwezi wathunthu. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever mulitenge, poti mudzera m'mayiko amene matendawa amapezeka ndipo mukhoza kufunsidwa polowa. Mankhwala a BP ndi a shuga akhale m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Opha ululu amphamvu ngati tramadol musanyamule opanda kalata, kumeneko anthu amamangidwa nawo.

Njira yosavuta ndi Lilongwe, Addis Ababa, Cairo pa Ethiopian Airlines. Kuchoka ku Cairo kukafika ku Aswan ndi makilomita pafupifupi 900 kulowera kummwera. Pandege ndi ola limodzi ndi theka. Ilipo sitima yapamtunda yokhala ndi mabedi, imanyamuka madzulo n'kufika mmawa, maola 12 kapena 13, koma alendo amawalipiritsa mtengo wawo wa madola, moti nthawi zina ndege ndi sitima zimangofanana. Kwa inu ndinganene ndege. Chimene chimawasokoneza anthu ndi ichi: amagula tikiti ya Aswan payokha, n'kusiya ola limodzi lokha pakati. Ku Cairo muyenera kudindidwa pasipoti, kutenga zikwama, n'kulowanso. Musiye maola 4. Ndege yoyamba ikachedwa ndipo matikiti ndi osiyana, yachiwiriyo mwaluza.

Ndiye masiku 7 aja. Awiri akuthera m'njira, mwatsala ndi 5. Akwana ngati Aswan ndi Luxor (mzinda wina wa makachisi akale, kumpoto kwa Aswan) zokha, koma mukafuna kuonanso mapiramidi ku Cairo muwonjezere awiri. Aswan muipatse usiku utatu, osachepera.

Tsiku loyamba mudzuke mmawa, pofika 7 koloko mukhale padoko lopita ku Philae. Ameneyu ndi kachisi wa Isis, mulungu wamkazi wa anthu akale a ku Egypt, ali pachilumba. Pamene anamangidwa poyamba madzi ankamumiza chimangidwireni damu lakale la 1902, ndiye m'zaka za m'ma 1970 anamuphwasula mwala umodziumodzi n'kukamumanganso pachilumba cha Agilkia chomwe n'chokwererapo. Mumvetsetse apa: tikiti ya pageti siphatikiza bwato. Bwato mumanenerera panokha, ndipo mtengo ndi wa bwato lonse, osati wa munthu mmodzi. Mugwirizane musanakwere kuti ndi kupita ndi kubwera, akudikireni ola ndi theka, ndipo mumulipire mutabwerera kumtunda. Mukapeza alendo ena padokopo, gawanani bwato limodzi. Pobwerera muime pa damu lalikulu, lomwe linamangidwa kuyambira 1960 mpaka 1970, lotalika mamita 111, m'litali makilomita pafupifupi 4. Poona palibe zambiri, mphindi 20 zakwana, koma mukaimapo mumaona Lake Nasser, nyanja imene damuli linapanga, mbali iyi, mtsinje mbali iyo, n'kumvetsa chifukwa chake Nile sasefukiranso monga kale. Kenako kumgodi wakale wa miyala komwe kuli chipilala chimene sanachimalize. Chikanaimikidwa chikanatalika mamita 42, kulemera kupitirira matani 1,000, koma chinang'aluka akuchisema ndipo anangochisiya chili chigonere m'thanthwe. Zonsezi zithe pofika 12 koloko. Masana mugone. Ndikunenetsa, azakhali, masana mugone, dzuwa la kumeneko ngakhale mu Januwale limafoola.

Cha m'ma 4 koloko mukwere feluka, ngalawa ija ya thanga yopanda injini. Mtsinje umatsikira kumpoto pamene mphepo imawombera kummwera, n'chifukwa chake ngalawazi zimatha kupita uku ndi uku. Mtengo ndi wa pa ola. Vuto lake n'lakuti mphepo ikaleka mumangoyandama pamodzimodzi ola likutha, ndiye muyang'ane kaye ngati matanga a ena akufufuma. Kukakhala bata tengani bwato la injini.

Tsiku lachiwiri ndi la Abu Simbel, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti n'kutali, musiye. Ndi makilomita pafupifupi 280 kummwera, kufupi ndi malire a Sudan, maola atatu ndi theka pamsewu wodutsa m'chipululu. Ndi makachisi awiri amene mfumu Ramses II inagoba m'phiri zaka zoposa 3,200 zapitazo, wina wa iye mwini, wina wa mkazi wake Nefertari. Pakhomo pali ziboliboli zinayi za mfumuyo ili chikhalire, chilichonse mamita 20. Nyanja ya damu itayamba kudzaza, pakati pa 1964 ndi 1968 anacheka makachisiwo m'zidutswa n'kuwakweza mamita 65 pamwamba, UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, ikutsogolera. Mukayang'anitsitsa mizere ya mochekamo imaoneka. Galimoto zambiri zimanyamuka 4 koloko mbandakucha. Mulembetse dzulo lake kudzera kuhotelo ndipo muwapatse fotokope ya pasipoti, chifukwa m'njira muli malodibuloko a apolisi ndipo dalaivala amafunika kukhala ndi mayina a anthu amene wanyamula. Muuzenso a hotelo akulongedzereni chakudya cham'mawa. Kumeneko mumakhala maola awiri, pofika masana mwabwerako. Ngati msana wa bambo sungapirire maola 7 pagalimoto tsiku limodzi, kuli ndege ya mphindi 45, kapena mugone konko usiku umodzi, muone kachisi madzulo gulu litachoka. Pa 22 Febuluwale ndi 22 Okutobala dzuwa limalowa mpaka m'chipinda chamkati n'kuwalira ziboliboli, koma masiku amenewo anthu amakhala nyerere, mwina osaona n'komwe.

Tsiku lachitatu likhale lopepuka. Muoloke pa bwato la anthu wamba kupita kuchilumba cha Elephantine, n'lotchipa kwambiri ndipo ndi mphindi zochepa. Kumeneko kuli masitepe otsikira mumtsinje okhala ndi zizindikiro pakhoma, pomwe akale ankayezera madzi kuti adziwe ngati kukhale dzinthu kapena njala, ndi msonkho womwe. Kulinso midzi ya anthu a mtundu wa Nubia, omwe abale awo ambirimbiri anasamutsidwa midzi yawo itamira m'nyanja ya damu. Mukaoloka kubwerera mumzinda, nyumba yosungira mbiri yawo, Nubian Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1997, muipatse maola awiri, mumazizira bwino. Madzulo mukayende mumsika. Mukapeza madengu a maluwa ofiira ouma omwe amati karkade, ameneyo ndi chidede chathu chomwechi, amamwa chotentha kapena chozizira. Pamsika mtengo woyamba si mtengo, yambirani pansi pa theka. Ngati simukufuna mungoti la shukran, ndiye kuti ayi zikomo, n'kumapita osaima.

Popita ku Luxor, makilomita pafupifupi 220 kumpoto, sitima yapamtunda imatenga maola atatu kapena kupitirira pang'ono. Koma ine ndingakonde mutenge galimoto ya hayala kuti muime pa Kom Ombo, pomwe pali kachisi wa mulungu wa ng'ona ndi ng'ona zoumikidwa, kenako pa Edfu, kachisi amene anasungika bwino kwambiri mpaka denga lake. Sitima zapamadzi zogonamo zimatenga usiku utatu kutsika, n'zabwino, koma pa masiku 7 zikudyerani nthawi. Pobwerera mukwerere ndege ku Luxor konko, musabwererenso ku Aswan.

Tsono ndalama, apa ndi pamene Amalawi timakodwa. Kuyambira 2023 malo ambiri akalewa salandira ndalama pamanja pageti, amafuna khadi la Visa kapena Mastercard. Ndiye mupite kubanki kudakali nthawi, ndi tikiti ndi pasipoti, muwafunse ngati khadi lanu latsegulidwa kugwira ntchito kunja komanso malire ake ndi angati patsiku. Aliyense akhale ndi lake, lina likakana lina ligwire. Madola a pamanja akhale atsopano, osang'ambika. Mukasintha kukhala mapaundi a Egypt, mupemphe timapepala ting'onoting'ono tambiri, chifukwa kangachepe kamene amati bakshish kamafunika paliponse, wonyamula chikwama, woyendetsa bwato, ngakhale kuchimbudzi.

Madzi mumwe a m'botolo okha, malita atatu aliyense patsiku, musadikire ludzu, mpweya ndi wouma moti thukuta limauma musanalione. Mutenge timapaketi ta Thanzi ndi mankhwala a m'mimba. Mumtsinje musasambe, makamaka modekha madzi, likodzo ndi lomwe lija la kunyanja kwathu. Chipewa chachikulu, nsapato zotseka zosaterera, zovala zathonje zofika m'mawondo ndi m'mapewa, ndi kampango kofunda kumutu mukafuna kulowa mumzikiti. Masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu silowa, mugule adaputa ku Lilongwe. Simu khadi mugule pabwalo la ndege ku Cairo ndi pasipoti, Vodafone kapena Orange. Nthawi m'miyezi yozizirayo ndi yofanana ndi ya kwathu, wotchi musaisinthe.

Hotelo musankhe ya m'mbali mwa mtsinje, mumsewu wa Corniche. Zapachilumba n'zokongola ndiponso zabata, koma tsiku la Abu Simbel muyenera kuoloka 3 koloko usiku, ndiye mufunsiretu ngati ali ndi bwato lawo la nthawi imeneyo. Mukasankha masiku munditumizire pagulu pano ndi nthawi za ndege zonse, tione limodzi ngati mpata wa ku Cairo uja wakwana musanalipire.